Musanawerenge Ndalama za Galimoto, Itanani Makaniko Wanu

Ndalama zogulira galimoto kuno kunyanja sizibwera tsiku limodzi. Wina wazisonkhanitsa kwa zaka akugwira ntchito m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kutsata mapazi a agogo ake amene ankapita kumigodi. Wina wagulitsa usipa nyengo zingapo. Wina ndi mphunzitsi amene wapuma pantchito ndipo akufuna Sienta yoti izinyamula anthu pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay kuti pakhomo pasasowe mchere. Koma tsiku logula likafika, munthu yemweyo amene wasunga ndalama movutikira amazungulira galimoto kawiri, kuponda tayala ndi phazi, kumvetsera injini pang'ono, basi n'kuyamba kuwerenga ndalama. Mukamuuza kuti aitane makaniko ayiyeze kaye ndipo amulipire, amati kumeneko n'kutaya ndalama.

Ine ndikuti mulipireni, ndipo chifukwa changa chachikulu chili m'malamulo a dziko lino. Ambiri amaganiza kuti galimoto ikadzafa sabata yotsatira adzangoibweza kwa mwini wake n'kulandira ndalama zawo, kapena adzathamangira kupolisi. Sizikhala choncho nthawi zonse. Pa malonda a galimoto yakale, mphamvu zanu zimakhala zambiri ndalama zikadali m'thumba mwanu, ndipo zimachepa kwambiri mukangolandira makiyi.

Lamulo loyendetsa kugula ndi kugulitsa katundu m'Malawi ndi Sale of Goods Act. Ndi lakale, linatengera lamulo la ku England la 1893, ndipo maziko ake ndi akuti wogula atsegule yekha maso. Limasiyanitsa ogulitsa awiri. Woyamba ndi amene ntchito yake ndi yogulitsa magalimoto, monga aja amaimika magalimoto ochokera ku Japan m'mipanda ya ku Mzuzu. Ameneyu lamulo limamumanga: katundu wake ayenera kukhala woti n'kugwiritsidwa ntchito, ndipo mukamuuza ntchito imene mukufunira galimotoyo n'kudalira luso lake posankha, ayenera kukupatsani yoyenera ntchitoyo. Wachiwiri ndi munthu wamba amene akugulitsa yake: mnansi wa ku Kande, mlamu wa ku Mpamba, mnzanu wa kutchalitchi. Ameneyu lamulo silimukakamiza kutsimikiza kuti galimoto ili bwino. Limangofuna kuti akhale ndi mphamvu yoigulitsa, galimoto ikhale monga waifotokozera, ndipo asakunamizeni. Giyabokosi ikafa patatha sabata ziwiri, iye asanalonjeze kalikonse pa za giyabokosi, vutolo ndi lanu. Ndipo malonda ambiri a m'mbali mwa msewu wa M5 ndi a mtundu wachiwiriwu.

M'lamulo lomweli muli ndime ina imene ambiri saidziwa. Wogula akaiyang'ana galimoto asanagule, sangadzadandaule za chilema chimene kuyang'ana kwakeko kunayenera kuonetsa, ngakhale wagula kwa wogulitsa wa pampanda. Mukatsegula boneti, utsi uli tolotolo, oyilo akudontha pansi, inu n'kugulabe, khoti lidzati munaona. Wina angafunse kuti nanga si bwino kungogula osayang'ana n'komwe kuti ufulu usachepe? Ayi. Kwa munthu wamba ufulu umenewo kulibe kuyambira pachiyambi, ndiye palibe chimene mukuteteza potsinzina. Kwa wogulitsa wa pampanda ufuluwo ulipo, koma kuti muupeze pamafunika makalata, maulendo ndi miyezi, galimoto ili chiimire pansi pa mtengo wa mango. Ndipo chilema chobisika chimene kuyeza sikukanaonetsa chimakhalabe mlandu wa wogulitsa wotereyu ngakhale munabwera ndi makaniko. Choopsa ndi kuyang'ana kwa theka, kokwanira kukulandani chodandaulira koma kosakwanira kukuchenjezani.

Wogulitsa aliyense amathamangira kuloza pagalasi: "Onani, COF ndi yatsopano." Chiphaso chimenechi, chimene chimachokera ku Road Traffic, chimanena kuti tsiku limene inayezedwa galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamsewu: mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero. Ndi chofunika ndipo lamulo la Road Traffic Act limachifuna. Koma oyeza COF satsegula injini, safufuza ngati giyabokosi yatsala pang'ono kutha, ndipo sakuuzani ngati mwini wake ali ndi ngongole imene galimotoyo ndi chikole chake.

Posankha makaniko m'pamene ambiri amapunthwa. Makaniko amene wabwera ndi wogulitsa, kapena amene dobadoba wakulozerani, si wanu, chifukwa kawirikawiri amakhala ndi kangachepe kake malonda akatheka. Tengani amene muzidzapita kwa iye galimotoyo ikadzavuta, poti iyeyo akudziwa kuti akakunamizani lero mudzakumana mawa. Kufunsa kumene anaphunzira si mwano. Ena anadutsa ku Mzuzu Technical College kapena ku Livingstonia, ena anaphunzirira pagaraja ndipo ali ndi manja abwino zedi. Chachikulu n'chakuti aziidziwa galimoto ya mtundu umenewo. Makaniko amene wakulira pa Hilux ndi Land Cruiser za dizilo akhoza kusokonezeka ndi Honda Freed kapena Sienta ya giyabokosi ya CVT, ndipo galimoto ya hybrid imafuna wodziwa kuyeza batire yake yaikulu, imene mtengo wake umaliza munthu. Mugwirizane malipiro asanagwire sipanala, ndipo mumuuze kuti alandira ndalamayo kaya mugula kaya simugula. Makaniko amene malipiro ake akudikira kuti malonda atheke amaona zabwino zokhazokha. Mupempheni alembe zimene wapeza, aike tsiku, nambala ya chasisi ndi makilomita amene akuoneka pawotchi, kenako asainire. Jambulani ndi foni paliponse pamene waloza.

Fikani m'mawa galimoto isanalizidwe. Makaniko wodziwa ntchito amayamba waika dzanja pa injini, ndipo akaipeza yofunda amafunsa chifukwa chake, popeza injini yotopa imadziulula ikamalira koyamba kukuzizira. Amaima kumbuyo n'kuyang'ana utsi: wabuluu ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo, woyera wosatha ukutanthauza kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Amatsegula chivindikiro cha oyilo n'kuchitembenuza. Akapeza kunsi kwake kuli phala lotuwa ngati tiyi wothira mkaka, amadziwa kuti oyilo wasakanikirana ndi madzi ndipo gasiketi ikukayikitsa. Akatembenuza kiyi injini isanalire, timagetsi tonse ta padashibodi timayenera kuyaka kenako n'kuzima. Kamene sikakuyaka n'komwe amakakayikira, chifukwa alipo ena amene amachotsa kababu kapena kukamata kuti chenjezo lisaoneke. Makina amene amalumikiza kunsi kwa chiwongolero amawerenga zimene kompyuta ya galimoto yasunga, ndipo ngati makaniko wa kwanu alibe, ku Mzuzu amapezeka.

Kenako alowe kunsi, padzenje la garaja kapena ataikweza ndi jeke. Kumeneko n'kumene kumaoneka chasisi yopindika kapena yowotcherera pambuyo pa ngozi, mashoko otha, ndi dzimbiri. Magalimoto ena amabwera ndi dzimbiri kuchokera ku Japan komweko, kumadera kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Ena amalipeza konkuno. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo galimoto imene inamirapo m'madzi osefukira a Luweya kapena m'madambo a Limphasa imasunga matope ouma pamalo oika tayala lapadera ndi dzimbiri panjanji za mipando, ngakhale kunja itapukutidwa mpaka kunyezimira. Ndiye pali matenda a kwathu kuno: galimoto imene yakhala ikunyamula nsomba. Madzi odontha m'mabeseni amalowa pansi pa kapeti n'kukhala momwemo. Tukulani kapetiyo kumbuyo, mukanikize chitsulo ndi chala chachikulu. Pena chimangofumbutuka. Maginito aang'ono oyendetsa pazitseko ndi m'mbali amathandizanso, chifukwa pamene anamatapo fila n'kupentanso maginito sagwira bwino.

Makilomita a pawotchi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Chikalata chimene boma la Japan limapereka potulutsa galimoto m'dziko lawo chimaonetsa makilomita amene inali nawo poyezedwa kumeneko, ndipo pepala la pamsika wa okushoni likakhala ndi chilembo R ndiye kuti galimotoyo inakonzedwapo itawonongeka thupi. Wogulitsa amene anaitanitsa yekha kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe akhoza kukhala ndi mapepala amenewa kapena zithunzi zake. Funsani. Akasowa, makaniko ayang'ane mphira wa popondera buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala, aone ngati kutha kwake kukugwirizana ndi nambala ya pawotchi.

Chomaliza ndi kuiyendetsa, ndipo ife tili ndi msewu woyezera umene ena alibe. Kuchokera kunyanja kukafika ku Mzuzu galimoto imakwera mamita oposa 700. Kuyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya a ku Kande sikuonetsa kanthu. Itengeni mudutse pa Mpamba, mukwere chitunda muli anthu angapo m'katimo. Injini yofooka imawira, giyabokosi yotha imalira popanda liwiro kapena kunjenjemera, ndipo potsika mabuleki amanena okha ngati ali moyo. Mafuta a ulendo umenewu ndi anu, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo musamasule chilichonse mwini wake asanavomere. Iye ali ndi ufulu wokana kuti galimoto yake iyezedwe, inunso muli ndi ufulu wotsanzika n'kumapita, ndipo kukana kwakeko kukuuzani kanthu.

Amene akuona kuti ndalama ya makaniko yachuluka achite chinthu chimodzi: aimbe foni kwa ogulitsa masipeya ku Mzuzu afunse mtengo wa giyabokosi kapena injini ya galimoto imene akufunayo. Zitsulo zimenezi zimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sinabwererenso pansi. Kwa munthu wa ku Usisya nkhaniyi ndi yolemera koposa. Msewu wotsikira kumeneko ndi wamapiri, nthawi ya dzinja umavuta kwambiri, ndipo galimoto ikafera m'njira, kuikoka kokha ndi ndalama zambiri. Ngati ntchito yake ndi ya msewu umenewo, makaniko ayese ngati matayala onse anayi akukokadi, ndipo inu muuze wogulitsa momveka kuti mukuifunira ku Usisya, mawuwo alembedwe m'pangano. Zonsezi zimagwiranso pa njinga yamoto ya kabaza ndi injini ya boti, chifukwa lamulo la malonda ndi lomwelo.

Makaniko akamaliza, theka la ntchito likadalipo, ndipo theka limeneli ndi limene limalanditsa anthu galimoto yonse. Munthu sangakugulitseni chinthu chimene si chake. Mukagula galimoto yobedwa, ngakhale munalipira mtengo wonse ndi mtima woyera, mwini wake weniweni akaipeza amaitenga, inu n'kutsala mukusaka wogulitsa amene foni yake siikupezekanso. Zikaoneka kuti munkadziwa kapena munali ndi chifukwa chokayikira, mukhoza kuyankha mlandu wolandira katundu wakuba. N'chifukwa chake nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge pachitsulo penipeni, chilembo ndi chilembo, n'kufananiza ndi zimene zili pachikalata cha umwini, chimene ambiri timachitchulabe kuti bulubuku. Pamene pakuoneka kuti anapala kapena kukhomanso manambala, imani pomwepo. Dzina la pachikalatacho lifanane ndi la pachitupa cha unzika cha amene akukugulitsaniyo. Kuyambira 2015 a Road Traffic amasunga zonsezi pa MalTIS, imene imazindikira anthu ndi zidindo za zala, ndipo ofesi yawo ya kumpoto ili ku Mzuzu. Apolisi nawo, kudzera kunthambi yawo ya Interpol, amafufuza ngati galimoto inalengezedwapo kuti inabedwa kuno kapena kunja.

Kwathu kuno izi n'zofunika kwambiri chifukwa cha magalimoto ochokera ku Joni. Mwana wa pamudzi amabwera pa Khirisimasi ndi galimoto ya nambala za GP, ndalama zimamuthera, n'kuganiza zoigulitsa. Galimoto yotere nthawi zambiri imakhala italowa ndi chilolezo cha kanthawi chochokera ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo chilolezo chimenecho si chogulitsira. Msonkho usanalipidwe, a MRA akhoza kuigwira ili m'manja mwanu. Funsani chikalata cha apolisi a ku South Africa chololeza kuti ituluke m'dziko lawo, ndi umboni wakuti msonkho wa kuno unaperekedwa. N'chimodzimodzi ndi galimoto imene inalowa mosalipira msonkho m'dzina la bungwe, tchalitchi kapena munthu wa udindo: isanagulitsidwe kwa inu, a MRA ayenera kuvomereza.

Palinso ngongole. Pansi pa Personal Property Security Act ya 2013, banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama limalembetsa chikole chake m'kaundula wa boma, ndipo munthu akhoza kufufuza m'kaundulamo asanagule. Galimoto ikakhala chikole, wobwereketsayo akhoza kuilondola mpaka pakhomo panu. Wogulitsa akanena kuti bulubuku inatayika, ganizirani kuti mwina ili m'kabati ya wakatapila. Ndipo mwini wake akakhala kuti anamwalira, m'bale amene wasunga makiyi sakhala ndi mphamvu yogulitsa chifukwa cha makiyiwo. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limafuna munthu amene khoti lamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kugula mwachinyengo galimoto imene mayi wamasiye ndi ana ake akuidalira n'kuthandizira kuwalanda, ndipo ine sindiona kutchipa kumene kungalungamitse zimenezo.

Chovuta chenicheni pamudzi ndi manyazi. Wogulitsa ndi wachibale kapena mkulu wa mpingo, ndipo mukatchula za makaniko amati, "Ada, ndiye kuti simukundikhulupirira?" Muyankheni mwaulemu: "Ndikukukhulupirirani, ada, koma za m'kati mwa injini ine ndi inu tonse sitiziona. Ayang'ane wodziwa kuti mawa tisadzadane." Amenewa ndi mawu oona, chifukwa wogulitsa wachilungamo nayenso amatetezedwa ndi pepala la makaniko. Wogula sangadzabwere patatha miyezi itatu n'kumunamizira chilema chimene wachiyambitsa yekha.

Pangano lilembedwe, ngakhale papepala la m'kope. Mukhale mayina onse awiri ndi manambala a zitupa, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, makilomita, mtengo, ndi zonse zimene wogulitsa wanena: kuti sinachitepo ngozi, ilibe ngongole, msonkho unalipidwa. Zolonjeza pakamwa zimavuta kutsimikiza kukhoti, koma zikalembedwa zimasanduka gawo la malonda, ndipo apa ndi pamene ngakhale munthu wamba amamangika. Mboni zikhale ziwiri. Amfumu akakhala mboni ndi bwino, koma kalata ya amfumu siisintha dzina ku Road Traffic. Ndalama zidutse kubanki kapena pafoni kuti zisiye umboni.

Chilema chikatulukira mutagula kale, musazengereze. Lamulo limati munthu akasunga katundu nthawi yaitali osanena kuti wamukana, ndiye kuti wamulandira, ndipo chimatsala n'kupempha chipukutamisozi basi. Imikani galimoto, muuzeni wogulitsa polemba, sungani mauthenga onse, ndipo musayambe kumasula injini asanabwere kudzaona. Ngati ndi wochita bizinesi ya magalimoto, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission. Lamulo latsopano la 2024 linapatsa bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, ndipo chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichifafaniza ufulu wanu pa katundu wachilema. Bungwe la CAMA nalo limalangiza ogula. Ngati ndi munthu wamba, njira ndi ya khoti, ndipo ndalama zikakhala zambiri mlandu umakafika ku High Court ku Mzuzu. Amene sangathe kulipira loya akafunse ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi mumzinda womwewo. Apolisi amalowererapo pakakhala kuba kapena kutenga ndalama mwachinyengo. Giyabokosi yongofa yokha si mlandu wawo.

Inunso muli ndi udindo. Galimoto isayende pamsewu popanda inshulansi yoteteza anthu ena, ndipo ngati ndi yonyamula anthu pamalipiro, pamafunika zilolezo zake za galimoto ndi za dalaivala. Dzina lisinthidwe msanga. Alipo ambiri amene amayenda zaka ndi galimoto ya dzina la munthu wina, ndipo tsiku lofuna kuigulitsa kapena kulandira chipukutamisozi cha ngozi amapeza kuti mwini wake wa papepala anabwerera ku Joni kapena anatisiya. Kusintha dzina kumafuna kuti wogulitsa atengepo mbali, ndipo munthu amene walandira kale ndalama zonse sakhala ndi changu chokwera basi ya ku Mzuzu. Choncho lembani m'pangano kuti gawo lomaliza la ndalama lidzaperekedwa tsiku limene nonse awiri mudzapite ku Road Traffic, dzina lanu litalowa mu MalTIS.